Mwana wa Ching'alang'ala Si Waulesi

Kwathu kwa Kaomba, m'boma la Kasungu, munthu akati mutu ukumupweteka yankho limakhala limodzi: "Kagule panado kugolosale." Mawu akuti mutu tawasenzetsa katundu wambiri. Wa malungo ndi mutu, wa njala ndi mutu, wa matsire nawonso ndi mutu. Komatu Chichewa chili ndi dzina lakelake la mutu wina wovuta kuposa yonseyi, waching'alang'ala, ndipo ine ndikuona kuti kusalitchula dzinali kukuzunzitsa anthu ambiri, makamaka ana.

Amayi anga anayamba kudwala mutuwu ine ndisanabadwe. Ukamabwera amaona tinthu tothwanima ngati ziphaniphani, kenako mbali imodzi ya mutu imagunda ngati wina akusinja. Amasanza, amatchinga zenera ndi chitenje, ndipo ngakhale kulira kwa tambala kumawalasa. Zimatenga tsiku lathunthu, mwina awiri. M'mbali mwa maso awo muli mphini zimene agogo anakawatemetsa poganiza kuti wina anawalodza chifukwa cha nsanje ya mabelo. Mphinizo zilipo mpaka lero, mutunso ulipo.

Mng'ono wanga atafika Sitandade 5 anayamba kudandaula m'mimba, kusanza ndi kuthawa kuwala. Pakapita maola ochepa ankadzuka n'kukasewera fulaye. Aphunzitsi anati ndi ulesi. Bambo anavomereza, poti matendawo ankakonda nyengo yothyola fodya. Amayi okha ndi amene anati, "Musamukalipire mwanayu, bambo ake, ndi zanga zomwe zija." Ananena zoona. Matendawa amayenda m'magazi a pabanja, ndipo kwa ana mutu umatha msanga, kawirikawiri umagwira mbali zonse ziwiri, nthawi zina vuto limaonekera m'mimba. Padziko lonse amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse, akazi kuchuluka katatu kuposa amuna. Mfiti yake ndi iti imene ingakwanitse kulodza anthu onsewa?

Sindikuti mutu uliwonse wa kudera la fodya ndi ching'alang'ala. Masamba onyowa a fodya amalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu, ndipo wothyolayo amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti lofotokoza za ana a m'minda ya fodya m'Malawi muno amene amadwala motere. Mwana sayenera kukhala m'fodya n'komwe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chovuta n'chakuti miyezi yothyola, kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndi yomweyonso ya njala, ya kugona mochedwa posoka fodya m'chigafa, ya kukhalitsa padzuwa osamwa madzi. Zonsezi zimadzutsa ching'alang'ala. Tikangoti "ndi mutu" sitingadziwe chimene tikulimbana nacho.

Patchuthi china ndinamugulira mng'ono wangayo kope. Ankalembamo tsiku limene wadwala, zimene wadya, nthawi imene wagona, ndiponso ngati anagwira fodya. Patatha miyezi itatu zinaoneka poyera kuti mutu umamugwira kwambiri masiku amene wapita kusukulu m'mimba muli pululu. Mankhwala ake oyamba anakhala phala la m'mawa ndi botolo la madzi.

Panado amathandiza akamwedwa mutu ukangoyamba, koma ambiri sadziwa kuti kumumwa masiku 15 kapena kuposerapo mwezi ndi mwezi kumabweretsa mutu wina wosatha. Asipirini sayenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana zaka 16. Kwa amene mutu umawagwira pafupipafupi alipo mankhwala oteteza, monga amitriptyline ndi propranolol, amene dokotala yekha ndiye angalembe. Ndipo mutu wobwera ndi kutentha thupi kapena kuuma khosi si wogonera kunyumba. Umenewo ndi wothamangira nawo kuchipatala.

Ife a zinenero timakonda kukangana za kalembedwe, ngati mawu awa alumikizidwe kapena alekanitsidwe. Ndaona zikwangwani zambiri za malungo, kolera ndi Edzi m'Chichewa, koma cha ching'alang'ala sindinachionepo. Kodi ntchito yolemba kapepala kamodzi kofotokozera mphunzitsi wa kupulayimale matendawa m'chinenero chathu tikudikira kuti aigwire ndani?

Bambo anasiya kumutcha waulesi mng'ono wanga tsiku limene anawerenga kope lija. Masiku ano akamuona atagwira chipumi amazimitsa okha wailesi.