Chotupa cha mwana chatigawanitsa

Gogo,

Mwana wathu wamkazi wa zaka 12 ali ndi chotupa cholimba pachidendene. Patha miyezi inayi tsopano, usiku sagona ndi ululu ndipo akuyenda motsimphina. Apongozi akuti adaponda mankhwala, moti adamutemera mphini, koma palibe chasintha. Kuchipatala adamujambula n'kutiuza kuti tipite kuchipatala chachikulu akamuchotse kanyama kokayeza. Bambo akunyumba akukanitsitsa, ati kumeneko akamudula mwendo. Nditani ine?

Mayi wodandaula, Ntcheu

Mayi,

Pitani naye msanga mwanayo. Zotupa za m'mafupa a phazi n'zosowa, n'chifukwa chake ambiri amangoti mwana wabinya, miyezi n'kumapita. Koma ululu wa m'fupa wodzutsa mwana usiku kwa milungu yambiri si woulekerera.

Bambowo auzeni kuti kuchotsa kanyama si kudula mwendo ayi. X-ray imangoonetsa kuti fupa lili ndi vuto, makina a MRI amaonetsa pomwe chotupa chafika, koma dzina lenileni la nthendayo limadziwika kanyamako kakaunikidwa ku labotale. Mwina ndi mafinya a m'fupa kapena TB ya m'mafupa, zomwe zili ndi mankhwala ake. Komanso zotupa zambiri za m'phazi si khansa. Zina dokotala amangozipala, n'kudzaza malowo ndi tizidutswa ta fupa, pakapita nthawi mwana n'kuyambiranso kusewera fulaye.

Komabe sindikubisirani. Ilipo khansa ya m'mafupa yotchedwa Ewing sarcoma, yomwe imagwira kwambiri a zaka 10 mpaka 20. Imeneyi imafuna mankhwala a khansa, kenako opaleshoni. Nthawi zina madokotala amachotsadi gawo la phazi kuti apulumutse moyo, koma amayamba akambirana nanu makolo n'kupempha chilolezo. Choopsa kwambiri n'kuchedwa, chifukwa khansayi ikalekereredwa imafalikira kumapapo.

Madokotala a mafupa alipo ku Queen Elizabeth ndi ku Beit Cure mumzinda wa Blantyre, komanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Nyamulani kalata yomwe adakupatsani, buku lake la kuchipatala ndi zithunzi zonse za X-ray.

Mphini zilekeke, chifukwa mabala otere amalowetsa tizilombo pamalo odwala kale. Apongozi musakangane nawo, afotokozereni mwaulemu, nawonso akufuna mdzukulu wawo achire. Bambowo mupitire nawo limodzi, mantha awowo akawanene okha pamaso pa dokotala. Paja safunsa adadya phula.

Gogo wanu