Za magitala opachikidwa pa msomali

Abale anga a ku Kawale, Area 25 ndi inu muli ku Joni, lero nkhani ndi yanu. Mumawatumizira ana athu magitala, zikomo kwambiri. Koma tayendani m'nyumba za kuno, kuchokera pa Mitundu mpaka pa Nathenje, mukaona magitalawo ali pa msomali, fumbi lili mbuu, nsambo ziwiri zitaduka. Mwana anaigwira milungu itatu basi. Mukamva mumati ana a masiku ano ndi aulesi. Ine ndikukana, vuto ndi kaphunziridwe.

Mwana akalandira gitala amagula bandulo n'kutsegula YouTube, ndipo amafuna makodi khumi tsiku limodzi. Maso onse amathera kudzanja lamanzere, chala ichi apa, chala icho apo. Dzanja lamanja, lomwe limakwapula nsambo, limaima nthawi iliyonse akafuna kusintha kodi. Nyimbo imayenda ngati ngolo yomwe ng'ombe zake zikungoima pa chulu chilichonse. Anzake amamuseka, iye manyazi, basi yathera pompo.

Ine ndimati dzanja lamanja liyambe kuphunzira. Sabata yoyamba mwana angoyala zala zamanzere pa nsambo osakanikiza, azikwapula pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba, phazi likuwerenga wani, thu, fili, folo. Ziziphokosera choncho, musamuletse. Kenako makodi awiri okha, Am ndi C, chifukwa pochoka pa Am kupita pa C chala chimodzi chokha ndicho chimasamuka, ziwiri zinazo zimakhala pomwepo. Akazolowera awonjezere G ndi D. Ndi G, C ndi D munthu amaperekeza nyimbo zambirimbiri za kwaya ndi za pamaliro. Kodi ikachedwa kufika, dzanja lamanja lisadikire ayi. Likwapule nsambo zopanda kanthu, palibe angazindikire, koma likaima ngakhale agogo osamva bwino amadziwa kuti pavuta.

Taonani anyamata awiri a Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni. Ankaimba m'misewu ya mu Lilongwe momwemu, wina ndi babatoni wa nsambo imodzi, wina ndi gitala ya nsambo zinayi uku chidendene chikumenya ng'oma. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako ku Ulaya. Makodi awo si ambiri, koma dzanja silipuma, ndipo azungu amavina mpaka thukuta. Agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, nawonso amatikoka ndi kakwapulidwe komweko. Nanga mabanjo achigubu aja tinkapanga ndi waya wa mabuleki a njinga, anali ndi makodi angati?

Za kupweteka kwa zala, ife alimi tisachite kuuzidwa. Khasu la mvula yoyamba limatulutsa matuza, pofika nthawi yopalira chikhatho chalimba. Nsonga za zala n'chimodzimodzi, bola azigwira gitala pang'ono tsiku lililonse. Mphindi 15 madzulo aliwonse zimaposa kuigwira tsiku lonse Lamlungu lokha. Ndipo nyengo yoyambira ndi tikakolola, June mpaka September. Mwana amene wasoka fodya tsiku lonse, zala zili nomata, sangaphunzire kanthu, ndipo bambo ake akamuona ndi gitala m'munda muli udzu, nkhondo yake mukuidziwa.

Makolo anzanga, ena mumaopa kuti gitala imathera ku bawa. Ndikumvetsa, tinawaona ena. Koma mnyamata amene akulimbana ndi G pa khonde madzulo ndikumuona ndi maso anga, pomwe mnzake amene alibe chochita ali pa pool ku msika mpaka usiku. Makwaya athunso ayamba kudalira kiyibodi yodziimbira yokha, magetsi akathima kapena batire ikatha onse amangoyang'anizana.

Inu ogula m'tauni, musamangoona kuwala kwa penti. Yang'anani mpata wa pakati pa nsambo ndi thabwa lomwe zala zimakanikizapo. Ukakhala waukulu woti pensulo n'kulowa, isiyeni gitalayo, ingacheke zala ngakhale za katswiri. Muikemonso paketi ya nsambo zapadera, chifukwa kuno ikaduka imodzi ndi ulendo wa minibasi mpaka m'tauni.