Bwato la Tonse, Wolimata Ndani?

 Sabata ino ndati tisiye kaye za kukhitchini ndi za kudimba, titsikire kumtsinje. Nkhani ndili nayo ndi ya bwato. Mwina wina adzati bwato ndi chinthu cha abambo, nanga lafikamo bwanji m'tsamba lathu? Dekhani, pakuti amene amakwera bwato tsiku ndi tsiku, mwana kumsana, thumba la chimanga pamiyendo, ndife amene.

Ine ndimakhala pa Boma pano, koma mchombo wanga unakwiriridwa kumudzi, m'mbali mwa Ruo, ndipo gulu loyamba la amayi limene ndinasonkhanitsa lili komweko. Inu a kutali dziwani kuti Ruo amachokera m'Phiri la Mulanje, nalandira madzi a Muloza, Lichenya ndi Thuchila, kenaka n'kukathira mu Shire pa Chiromo. Kuyambira mu 1891, pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagawana dziko, mtsinjewu unasanduka malire a ife ndi Mozambique. Koma malirewo ali pa mapu okha. Tsidya lija kuli minda yathu, kuli apongozi athu, kuli chimanga ndi nandolo zimene timagula kuno zikatithera. Ndipo amayi a tsidyalo akadwala kapena akayandikira masiku, amaolokera kuno kudzafuna chipatala. M'chilimwe pali malo ena pamene munthu amangokwinya chitenje n'kuoloka ndi miyendo. M'dzinja, popanda bwato palibe ulendo.

Za mwezi wa Marichi 1923 sitikuzidziwa, koma za Marichi 2023 palibe mayi wa kuno amene angafune kukumbutsidwa. Namondwe Freddy anagumula phiri, nadula misewu ndi milatho, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Pa doko lathu panali mabwato awiri a anthu eni ake. Onse anapita ndi madzi. Chigumula chitaphwera tinakhala pansi ife amayi a banki m'khonde, tinagwirizana kuti gawo la ndalama zathu ligule bwato lamatabwa, likhale la mudzi wonse. Ena anagulitsa nkhuku, ena mbuzi. Tsiku limene bwatolo linalowa m'madzi kunali nthungululu, thobwa linatha migolo iwiri, a mfumu analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense anati, "Bwato lathu."

Mawu amenewo ndi okoma m'kamwa, koma ine tsopano ndimawaopa. Bwato lija linali lathu pokwera. Pomata linalibe mwini. Mnyamata wopalasa ankati iye ntchito yake ndi nkhafi basi. Akomiti ankati iwo ntchito yawo ndi ndalama. Ife amayi tinkaona timadzi tikusonkhana kumapazi, n'kungokweza mapaziwo pathabwa, aliyense poganiza kuti mnzake anena. Chilimwe chonse bwatolo linkagona padzuwa pamchenga, matabwa n'kuuma, mipata n'kutseguka. Chokapira madzi chinasowa, wina anati ana atenga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale chaka chotsatira, tinkachokera tsidya lija kogula chimanga. Tinali amayi asanu ndi awiri, matumba asanu, njinga imodzi, ndi makanda awiri. Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinaona kuti tachuluka, koma mvula inali kubwera ndipo sindinafune kutsala ndekha pamchenga. Titafika pakati, pamene madzi amathamanga, thabwa la pansi linayamba kulowetsa madzi ngati lichero. Chokapira panalibe. Mayi wina anavula nsapato yake yapulasitiki nayamba kukapa nayo, wina anagwiritsa ntchito manja. Wopalasa anakuwa kuti titaye katundu. Matumba awiri anaponyedwa m'madzi, ndipo limodzi linali la mayi wamasiye amene anagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti aligule. Tinafika kumtunda madzi ali m'mawondo. Palibe anafa. Koma kulira kumene analira mayi uja pa doko, akuyang'ana kumene thumba lake linamira, sindidzakuiwala.

Pamsonkhano umene a mfumu anaitanitsa ndinanena kuti pakhale tsiku la ntchito mwezi ndi mwezi, banja lililonse litumize munthu. Apo ndi pamene ndinamva mawu awiri amene amapha chitukuko kuno kwathu. Bambo wina anaimirira nati, "Imeneyo ndi thangata." Wina, mkamwini, anati, "Ife ndife obwera, doko ndi la eni mudzi."

Mawu a thangata sindiwapeputsa. Anganga athu a ku Mulanje ndi ku Thyolo anagwiradi ntchito yokakamiza m'minda ya azungu kuti alipirire malo okhalapo, ndipo lamulo linathetsa zimenezo mu 1962. Chilonda chake chikadalipo, n'chifukwa chake boma la zipani zambiri litabwera mu 1994 ambiri anakondwa kutaya ntchito zodzithandiza pamodzi ndi Sabata ya Achinyamata. Koma thangata ija phindu lake linkapita kwa mwini munda. Nanga phula la pa bwato lathu phindu lake lipita kwa yani? Kunena za akamwini, ndinangowafunsa mwaulemu kuti, "Alamu, kodi ana amene amaoloka pamenepa si anu?" Anaweramitsa mitu. Mmodzi wa iwo lero ndiye mmisiri wathu wamkulu.

Mayi anga, amene tsopano maso achita mdima, ndiwo anamaliza nkhaniyo. Anakumbutsa anthu za mipopi ya madzi a m'phiri imene inafalikira m'midzi ya Mulanje m'zaka za m'ma 1970. Boma linkapereka mapaipi ndi amisiri, koma ngalande zonse anakumba ndi anthu a m'midzi, osalandira ndi tambala yomwe, mudzi uliwonse ndi chigawo chake. Pa mpopi uliwonse panali komiti, ndipo paipi ikaphulika panali anthu odziwika maina oti akalumikize. Iwo anati kukumba kunali kosavuta, pakuti kunali nyimbo ndi chikhamu cha anthu. Chovuta chinali kusesa pa mpopi chaka chachisanu, nyimbo zitatha. Mipopi imene inauma, ambiri mwa iyo inauma chifukwa komiti inagona.

Ndipo musaganize kuti ntchito yotere ndi ya ife osauka tokha. M'phiri lathu lomweli muli nyumba zogonamo alendo, ku Chambe, ku Lichenya, ku Thuchila, ku Sombani ndi kwina. Bungwe la Mountain Club of Malawi, limene linayamba mu 1952, lakhala likuthandiza kuzisamala, mamembala ake akudzipereka okha popanda malipiro. Kunja nako, m'mbali mwa mitsinje ngati Thames ku England, kuli makalabu a mabwato oyenda ndi matanga. Kwa iwo bwato ndi masewera chabe, komabe amakhala ndi masiku oikika pamene mamembala, ena a iwo madokotala ndi aphunzitsi, amavala zovala zakutha n'kudzapala matabwa, kupaka utoto ndi kulambula pa doko. Ngati anthu amatero pa chinthu chosewerera, nanga ife amene bwato limatitengera chakudya?

Tsono mvetserani m'mene timachitira, kuti a m'madoko ena mutengepo chimene chingakukomereni.

Loweruka loyamba la mwezi bwato siliolotsa munthu mpaka masana, kupatula wodwala. Timalikokera kumtunda, kulitembenuza, ndi kulitsuka ndi mchenga kuti ndere ndi matope zichoke, pakuti mng'alu subisala pathabwa loyera. Mmisiri amayenda ndi kampeni, akugogoda thabwa lililonse. Lolimba limalira bwino. Lovunda limayankha mogonthera ndipo kampeni kamalowa ngati m'chinangwa chophika. Misomali yadzimbiri imazulidwa. M'mipata timakhomamo tinsanza ta thonje topota, mothina, kenaka n'kuthirapo phula losungunula. Pamenepa pali zinthu ziwiri zimene tinaphunzira ndi misozi. Phula siligwira pathabwa lonyowa, limangofunduka pakapita sabata. Choncho bwato liyambe lauma. Ndiponso m'chitini cha phula lotentha musagwere ndi dontho lomwe la madzi, chifukwa limathovoka n'kuotcha anthu. Ana onse amakhala kutali ndi moto umenewo, ndipo pali mayi mmodzi amene ntchito yake tsikulo ndi kuwaingitsa basi. Paja safunsa anadya phula. Ife tinafunsa kwa asodzi achikulire.

Tinamanganso chisakasa cha udzu choti bwato lizigonamo m'chilimwe. Dzuwa ndi mdani wa bwato koposa madzi. Chokapira tsopano ndi chigubu chodula pakati, chomangidwa ndi chingwe kuthabwa, ndipo zilipo ziwiri.

Pamene abambo ali pa bwato, ife timakhala pa doko. Njira yotsikira kumtsinje inali yoterera, moti mayi wina woyembekezera anagwapo. Tinasema makwerero n'kuwatchinga ndi miyala. M'mbali tinabzala udzu wa vetiva, bango ndi nsungwi, chifukwa gombe limene Freddy analidya kwambiri ndi lija tinalilima mpaka m'madzi. Nkhani iyi inavuta kuposa ya phula. Kuuza mayi mnzako kuti asiye mizere isanu ya dimba lake imere bango si chinthu chapafupi, makamaka kuno kumene minda ya tiyi inatenga malo ambiri ndipo munthu ali ndi kachigamba kokha. Awiri anakana, ndipo mpaka lero akulimabe. Sitinawakakamize. Madzi saiwala khwawa, adzawauza okha.

Malamulo a pa bwato ndi ochepa, ndipo tinawalemba pathabwa. Anthu asapitirire asanu ndi mmodzi, ndipo thumba la makilogalamu 50 limawerengedwa ngati munthu. Woledzera sakwera, ngakhale akhale mbale wa a mfumu. Pa doko tinazika mtengo wopaka utoto wofiira; madzi akafika pa utotowo bwato limamangidwa, wina alire, wina atukwane. Inu a m'mbali mwa mitsinje yochokera m'phiri mukudziwa kuti kumudzi kungathe kuwala dzuwa pamene kumtunda mvula ikukhuthuka. Madzi akayamba kufiira, akayamba kubwera ndi zinyalala ndi nthambi zaziwisi, ndiye kuti chigumula chili m'njira, ndipo sichichedwa. Wopalasa ali ndi mphamvu yokana ulendo, ndipo komiti inalonjeza kuima naye. Lamulo limeneli ndinalipempha ndine, pokumbukira tsiku lija ndinaopa kutsala pamchenga.

Za ndalama ndinena mwachidule. Woolokayo amalipira kangachepe, ana a sukulu ndi odwala salipira. Ndalamazo zimagawidwa patatu: za wopalasa, za zokonzera, ndi zosungira bwato lina, pakuti ili silidzakhala muyaya. Buku limasungidwa ndi mayi, bokosi ndi mayi wina, kiyi ndi wachitatu, ndipo zonse zimawerengedwa mokweza pamaso pa anthu pa tsiku la ntchito. Kwacha itagwa mu Novembala 2023 mitengo ya misomali ndi utoto inakwera koopsa, ndipo tikanapanda kuyamba thumba la zokonzera bwenzi tikuyendayenda ndi mbale. Banja limene lajomba popanda chifukwa limapereka nkhuku kapena mtengo wake. Nkhalamba ndi odwala sitiwawerengera. Mayi wamasiye uja tinamubwezera thumba lake la chimanga kuchokera m'bokosi, ndipo ndiye amasunga kiyi.

Chimene sindinachiyembekeze n'chakuti tsiku la ntchito lidzasanduka tsiku lokondedwa. Ntchito ikatha timadyera pamodzi pansi pa mkuyu, nsima ya kalongonda kapena ya nandolo, malinga ndi nyengo. Nkhani za mudzi zimene zikanafika kubwalo zimathera pomwepo. Alangizi a zaumoyo anazindikira kuti tsiku limeneli amayi onse amapezeka malo amodzi, choncho amabwera kudzalankhula za likodzo ndi za kolera, ndi kutikumbutsa kuti madzi a mumtsinje asamwedwe osaphitsa kapena osathira mankhwala. M'mwezi wa Seputembala, madzi atachepa, anyamata amachita mpikisano wopalasa, ndipo atsikana awiri aphunzira kugwira nkhafi, ngakhale anganga awo akung'ung'udza.

Chimene chatikanika ndi kusambira. Pa amayi asanu ndi awiri amene tinali m'bwato tsiku lija, wodziwa kusambira anali mmodzi. Anyamata amaphunzira okha pothawa makolo, koma ife atsikana tinaleredwa kuti madzi athu ndi a m'chiuno, pochapa ndi potsuka mbale. Tinayesa kuyambitsa maphunziro pamalo osaya, pamene akuluakulu anatsimikiza kuti sipafika ng'ona, nthawi ya masana, mlonda ali pamtunda. Ana anabwera ambiri. Amayi anabwera atatu, ena anati n'zamanyazi, ena anati abambo a kunyumba akaniza. Ine ndemwe, wa zaka zopitirira makumi anayi, ndinamwa madzi ambiri tsiku loyamba, ana akundiseka. Tsopano ndimatha kuyandama ndi kufika pa mwala wa pakati. Majekete oyandamitsa tili nawo awiri okha, ndipo timaveka ana.

Amayi a magulu a m'mbali mwa Thuchila ndi Lichenya amene munanditumira mawu kuti mukufuna kudzaona, bwerani Loweruka loyamba la mwezi wa mawa. Mufike m'mamawa ntchito isanayambe, muvale zakutha, ndipo aliyense atenge khasu ndi chitenje chachiwiri, chifukwa madzulo tidzalowa m'madzi.