Tsukani chilonda musanachimange

Makolo anzanga, pa zaka zonse zomwe ndinagwira ntchito ya unamwino ndinaona kuti chilonda ukachimanga bandeji usanachitsuke, chimachita mafinya. Tchimo lobisa nalonso limatero.

Ineyo ndinkapempherera mwana wanga wamwamuna kuti asiye ukali, komatu ndikaweruka ntchito ya usiku ndinkamukalipira ndi mawu olasa mtima. Ukaliwo anautengera kwa ndani? Tsiku lina ndinagwada n'kuulula tchimo langa kwa Mulungu, monga 1 Yohane 1:9 imatiphunzitsira. Kenaka ndinamuyitana mwanayo n'kumuuza kuti, "Mwana wanga, ndakhala ndikukulakwira, undikhululukire." Analira. Kuyambira pamenepo anayamba kundiuza zakukhosi.

Yobu ankalawirira m'mamawa kuperekera ana ake nsembe, poopa kuti mwina achimwa mumtima. Monica anapempherera mwana wake Augustine zaka zambiri mpaka anabatizidwa ku Milan m'chaka cha 387. Ndiye inu musatope msanga.

Usiku uno, bambo ndi mayi gwiranani manja. Yambani mwaulula zanu, kenaka tchulani mwana aliyense dzina ndi vuto lake lenileni, kaya ndi mayeso, anzake oyipa kapena matenda. Pajatu kuwongola mtengo mpoyamba.