KOMPYUTA M'CHIPATALA SI CHIDOLE

Masiku ano kwabuka kagulu ka anthu odziyesa anzeru, amene akangokhala pansi m'minibasi ya ku Machinjiri amayamba kulalata kuti makompyuta amene akuikidwa m'zipatala ndi kutaya ndalama chabe. Ati kompyuta sichiza malungo. Ena afika ponyengerera anzawo kuti akafunsidwa kuchipatala kumene amakhala, azinena bodza. Anthu otere ndi osaona patali, ndipo tiyenera kuwayankha poyera asanasokeretse ambiri.

Tiyambe ndi funso ili: kodi munthu wa ku Machinjiri amakhala pati? Njira zathu zambiri zilibe maina. Mlendo timamlondolera kuti, "Mukafika pachigayo mukhotere kumanzere, mukafunse pamjigo." Tsono taganizani za wodwala chifuwa chachikulu, amene ayenera kumwa mankhwala miyezi 6 osadumphitsa, koma waleka mwezi wachiwiri. M'kaundula mwangolembedwa "Machinjiri" basi. Mlangizi wa zaumoyo akamfuna kuti? Pamenepo munthuyo akutsokomola m'nyumba ya chipinda chimodzi, ana ali pambali pake.

Vuto limeneli ndilo anafuna kuthetsa akatswiri a kafukufuku a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome pamodzi ndi ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre. Iwo anakonza njira yotchedwa ePAL. Polembetsa wodwala chifuwa chachikulu, wazaumoyo amatsegula mapu a mzindawu pakakompyuta kam'manja, wodwalayo natchula tchalitchi, sukulu kapena golosale imene ayandikana nayo, mpaka ataloza pamene pali nyumba yake.

Zimene anapeza, zimene zinasindikizidwa mu 1 mwa magazini a zachipatala mu 2019, ziyenera kutitsegula maso. M'madera osauka ndi otalikirana ndi zipatala ndimo munkalembedwa odwala ochepa. Kodi tinene kuti chifuwa chachikulu chimaopa amphawi? Iyayi! Tanthauzo lake n'lakuti kumeneko kuli odwala amene safika kokayezedwa. Kaundula wapepala akanatinamiza kuti kumeneko kuli mtendere. Mapu ndiwo anaulula kumene kuyenera kupita thandizo. Ife okhala kumalekezero a mzinda, kuseri kwa phiri la Ndirande, ndife oyamba kupindula ndi nzeru zotere. Nanga tizinyoze bwanji?

Olalatawo amayankhula ngati zinthuzi zabwera dzulo. Aiwala kuti mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab anaika makompyuta ongodina ndi chala pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, olembetsera odwala ndi kusindikiza kapepala ka nambala komata m'kabuku ka kuchipatala. Mu 2006 njira yofananayo inayamba kugwira ntchito pa Gulupu, kumbali yopereka ma ARV. Makinawo amakumbukira tsiku limene munthu ayenera kubweranso, amawerengera mapilitsi amene anamtsalira, ndipo amaonetsa amene wasowa. Kodi kalaliki mmodzi, ali ndi mabuku odzaza chipinda, angathe zimenezi?

Tivomereze: kompyuta si mankhwala, ndipo magetsi akazima imakhala duu. Mayi amene waima pamzere chiyambire m'bandakucha, nauzidwa kuti mankhwala atha, ali ndi chifukwa chokwiyira. Koma afunse: mankhwala amaitanitsidwa motani? Amaitanitsidwa ndi chiwerengero. Chipatala chimene chawerenga molakwa odwala ake chidzalandiranso molakwa. Chimodzimodzi ndi miliri. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Pa nthawi yotere, lipoti limene lachedwa sabata imodzi limasanduka maliro. Chakudza sichiimba ng'oma. Ng'oma yathu ndiyo chiwerengero chofika msanga.

Ena akuti akuopa kuti zinsinsi zawo zidzamveka kumsika. Nkhawa imeneyi njomveka, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, limene linakhazikitsidwa mu 2024. Wazaumoyo woulutsa chinsinsi cha wodwala alangidwe, asachitiridwe chisoni. Koma yankho lake si kunama dzina kapena kulozera kumudzi kolakwika. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ngati alipo mawu oyenera kukwezedwa m'minibasi, ndi awa: yambiri mwa ntchito imeneyi yakhala ikuyenda ndi ndalama za maiko akunja. Pamene dziko la America linaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, tinaona tokha kuopsa kwa kulima ndi khasu lobwereka. Mbiri ya matenda a Amalawi iyenera kusungidwa ndi Amalawi, pa ndalama za Amalawi. Ana athu akuphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku MUBAS momwe muno mu Blantyre. Apatsidwe ntchito yokonza ndi kusamala makinawa.

Tsono inu bambo ndi inu mayi, popita ku South Lunzu kapena ku Gulupu, tengani kabuku kanu, nenani dzina lanu lenileni, ndipo lozani nyumba yanu mosabisa. Wolalata uja sadzabwera kudzakufunani mukadzagona. Adzabwera ndi mlangizi amene akudziwa khomo lanu.