Kodi Munthu Angamzenge Mlandu Mulungu?

Mwezi wathawu ndinatsogolera mapemphero pa maliro a mwana wa zaka 4. Tili kumanda, mai wake anafuula nati: "Mulungu, ndakulakwirani chiyani?" Akuluakulu ena anamdzudzula kuti wachita mwano. Ine sindinatero, ndipo chifukwa chake nachi.

Kumbukirani Yobe. Tsiku limodzi anataya ana ake 10 pamodzi ndi chuma chonse, pambuyo pake thupi lake linagwidwa ndi zilonda. Abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anaumirira kuti tsoka lotere siligwera munthu wosachimwa, monga ngati iwowo ndiwo nduna za kumwamba. Yobe anakana, nadandaula, namfunsa Mulungu mafunso owawa. Koma pa mutu 42 amene Mulungu anawakwiyira ndi abwenzi aja, ndipo Yobe ndiye anawapempherera.

Onaninso ichi: Mulungu sanamuuze Yobe chifukwa cha masautso ake. Anangomfunsa za maziko a dziko, za nyenyezi, za mvuu ndi ng'ona, mpaka Yobe anagwira pakamwa. Mwana aloledwa kumfunsa atate ake, ngakhale ndi misozi. Koma kugamula mlandu nkwa mwini bwalo, ndipo pabwalo limenelo ife tilibe mpando.

Chimene chindidetsa nkhawa si kulira kwa mai uja ai, koma alongo ake, amene ayamba kale kunong'onezana zokaombeza ula kuti apeze mfiti. Amenewo sakumfunsa Mulungu. Amlanda mlandu m'manja. Inu a m'mudzi mwake, kamchezereni maiyo Lamulungu likudzali, ndipo akafunsanso musamtseke pakamwa.