Mabungwe a Madokotala ndi Anamwino Atsogolere pa Kafukufuku wa Mankhwala

Boma la Chiradzulu lili ndi mbiri pa zachipatala imene ambiri saidziwa bwino. Kumeneku ndiko kunachokera Dr. Daniel Malekebu, Mmalawi woyamba kuphunzira udokotala, amene anatsiriza maphunziro ake ku Meharry, m'dziko la America, mu 1917, nabwerera mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya P.I.M. ku Mbombwe. Ndi ku Chiradzulu komweko kumene bungwe la Médecins Sans Frontières, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2001, pa nthawi imene akatswiri ena akunja ankati anthu akumudzi sangathe kumwa mankhwalawa mwandondomeko. Anthu a kwa Kadewere, kwa Likoswe ndi kwa Nkalo anawatsutsa. Pambuyo pake zinaonekanso kuti anamwino ndi madokotala othandizira atha kuyambitsa munthu pa mankhwalawa pa chipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwawo. Zimenezi zinalembedwa, zinawerengedwa kutali, ndipo zinathandiza maiko ena.

Koma funso ndi lakuti: analemba ndani? Kawirikawiri amene anasonkhanitsa umboni ndi kuusindikiza anali alendo, pomwe odwala ndi ogwira ntchito anali Amalawi. Alendowo ayenera kuthokozedwa. Komabe mlendo ndi mame, ndipo izi zinaoneka poyera mu 2025 pamene boma la America linadula thandizo lake ku maiko ambiri.

Nchifukwa chake mabungwe a akatswiri, monga Medical Association of Malawi ndi National Organisation of Nurses and Midwives, ayenera kuona kafukufuku ngati ntchito yawo. Kumenyera malipiro ndi malo abwino ogwiramo ntchito nkoyenera ndithu, koma bungwe limene limamveka pa nthawi ya sitalaka yokha silikwaniritsa udindo wake. Mamembala ake ayenera kuphunzitsidwa kukonza kafukufuku, kusunga zolemba ndi kutumiza zimene apeza ku Malawi Medical Journal, kuti namwino wa ku Namitambo aziwerengedwa monga profesa wa ku Blantyre.

Kuyesa mankhwala si nkhani ya masewera. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anagawidwa pawiri mwa maere: ena analandira katemera watsopano wa tayifodi, ena katemera wa matenda oumitsa khosi. Ofufuza anawatsata nawerenga amene anadwala m'gulu lililonse, ndipo anapeza kuti katemera watsopanoyo anachepetsa tayifodi ndi magawo pafupifupi 80 pa 100. Mu 2023 Boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Popanda makolo amene anavomera aja, ana a ku Chiradzulu sakanamulandira.

Kuvomera kumeneku ndiko phata la nkhani. Malamulo akuti munthu auzidwe zonse asanalowe m'kafukufuku, ndiponso kuti ali ndi ufulu wotuluka pamene wafuna, anaikidwa mu 1964 ku Helsinki ndi World Medical Association, bungwe la madokotala okhaokha. Kuno kwathu makomiti a NHSRC ndi COMREC amayamba aunika kafukufuku asanamulole. Koma komiti imakhala mu ofesi. Amene amatenga magazi pa mkono wa mwana ndi namwino. Iyeyo akalephera kufotokoza kumene magaziwo akupita, mphekesera zimafotokoza m'malo mwake. Palibe amene waiwala za anamapopa mu 2017, pamene mantha oyambira ku Mulanje anafalikira m'maboma oyandikana nawo ndipo anthu osalakwa anaphedwa.

Apa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma ali ndi gawo lawo. Asamalankhulire madokotala pa zimene sanaphunzire, ndipo asakakamize munthu aliyense kulowa m'kafukufuku pofuna kusangalatsa akuluakulu. Ntchito yawo ndi kuitanitsa misonkhano pamodzi ndi mafumu kuti akatswiri afotokoze m'Chichewa chomveka ndi kuyankha mafunso. Ndipo kafukufuku akatha, mabungwewa aonetsetse kuti ofufuza abwereranso pa bwalo la mfumu lomwe lija kukanena zimene apeza, kaya mankhwalawo agwira ntchito kaya alephera.